Dzanzi la m'manja mwa agogo a ku Grassy Narrows

Ndikulembera makamaka inu anamwino ndi osamalira odwala amene mukukonza mapepala opita ku Canada, komanso aliyense wokhala m'mbali mwa mtsinje umene kumtunda kwake kuli fakitale kapena mgodi. Kwathu ku Malawi ndinali namwino. Nditafika ku Ontario mapepala anga a unamwino anali asanavomerezedwe, ndiye ndinayamba ndi ntchito yosamalira okalamba ndi olumala m'tauni ya Kenora, kufupi ndi malire a Manitoba. Ndi dziko la nyanja zosawerengeka ndi nkhalango, kuzizira kwake kosasimbika. Ambiri mwa anthu amene ndinkawasambitsa ndi kuwadyetsa anali a mtundu wa Anishinaabe, eni nthaka a kumeneko, ndipo ena anali ochokera m'midzi yawo ya Grassy Narrows ndi Wabaseemoong.

Panali agogo ena aakazi amene ndinakhala nawo nthawi yaitali. Dzina sinditchula. Kapu ya tiyi ankaigwira osamva kuti ikuwotcha, mpaka zala kutuluka matuza. Mabatani a juzi ankawakanika kumanga. Poyenda ankadzandira. Maso ankaona zapatsogolo penipeni zokha, moti ukawadzera cham'mbali ankadzidzimuka. Mawu ankatuluka molemera, ndipo ankati milomo ili ndi dzanzi usana ndi usiku. M'faelo mwawo munalembedwa shuga ndi ukalamba basi. Shuga analidi nayo, koma odwala shuga ndasamalira ambiri, ndipo dzanzi lawo kawirikawiri limayambira kumapazi n'kumakwera pang'onopang'ono. Ili lozungulira pakamwa, lodza pamodzi ndi kudzandira komanso maso osaona m'mbali, ndinali ndisanalionepo.

Amene anandimasulira anali mdzukulu wawo wamkazi. "Mayi, ameneyo ndi mercury," anatero. "Agogo analeredwa ndi nsomba za mumtsinje uja. Agogo aamuna ankaperekeza alendo kokawedza, ndipo nkhomaliro yawo tsiku lililonse inali nsomba yomweyo."

Nkhani yake ndi iyi. Kuyambira 1962 mpaka 1970, fakitale yopanga mankhwala oyeretsera mapepala m'tauni ya Dryden, imene inali m'manja mwa kampani ya Reed, inataya mercury, chitsulo chamadzimadzi cha poizoni, wokwana makilogalamu pafupifupi 9,000 mumtsinje wa Wabigoon. Mtsinjewo umakathira mu English River, ndipo madzi amenewo ndiwo amadutsa kwa anthu a Grassy Narrows ndi Wabaseemoong. Mu 1970 boma la Ontario linaletsa usodzi wamalonda. Ntchito za usodzi ndi zoperekeza alendo zinatha nthawi imodzi, m'mudzi umene boma linali litangousamutsa pamalo ake akale kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960. Anthu anataya malo, kenako ntchito, kenako thanzi.

Mercury akagwera m'madzi sakhala momwe anagwera. Amakhazikika m'matope, ndipo tizilombo ta m'matopemo timamusandutsa methylmercury, amene thupi la chamoyo limayamwa mosavuta koma limachedwa kutulutsa. Tinsomba tating'ono timadya tizilombo, nsomba zikuluzikulu monga walleye ndi pike zimadya tinsombato, ndipo poizoni amanka naunjikana. Nsomba ikakhala yaikulu, yokalamba komanso yodya zinzake, ndiye kuti ili ndi wambiri. Amakhala mumnofu mwenimwenimo, choncho kuphika, kuwamba kapena kuyanika sikumuchotsa. Sanunkha, sasintha kukoma. Amadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana ali m'mimba, ndipo chimene amawononga kwambiri ndi ubongo ndi mitsempha.

Chimene chimasokoneza ngakhale ogwira ntchito zachipatala n'chakuti m'magazi poizoniyu amachepa ndi theka pa miyezi iwiri yokha. Munthu amene anadya nsomba zoipa zaka 30 zapitazo akhoza kuyezedwa lero magazi n'kupezeka bwinobwino, pomwe mitsempha inawonongeka kale ndipo sidzabwerera. Ndiye taganizani munthu wodzandira, wolankhula molemera, mwini nthaka, akulowa m'chipatala usiku, magazi ake "alibe vuto". Ambiri amangomuyesa woledzera. Agogo aja mowa sankaulawa, koma anandiuza kuti funso limenelo anafunsidwa moyo wawo wonse.

Amene anayamba kulitchula vutoli dzina lake, matenda a Minamata, anali madokotala a ku Japan. Dr Masazumi Harada, amene ankathandiza odwala a ku Minamata komwe fakitale ina inaipitsa nyanja ndi mercury, anafika ku Grassy Narrows mu 1975, ndipo anabweranso kangapo mpaka 2010. Anamwalira mu 2012, anzake n'kupitiriza. Lipoti lawo la mu 2016 linati pafupifupi anthu 9 mwa 10 alionse amene anawayeza anali ndi zizindikiro, ngakhale achinyamata obadwa kutayako kutalekeka kalekale. Mgwirizano wa mu 1985 unabweretsa chipepeso ndi bungwe la Mercury Disability Board, koma ambiri opempha ankakanidwa, ndipo ovomerezedwa ankalandira pakati pa madola 250 ndi 800 pamwezi, ndalama zimene sizinakwezedwe mpaka 2018.

Tsopano ndifike pa za chithandizo, chifukwa ndi pamene ambiri a ife obwera timapunthwa.

Agogo anayamba kutsamwa pakudya. Anadwala chibayo chifukwa chakudya chinkalowera njira ya mpweya. Dokotala anati apite ku Winnipeg, ulendo wa makilomita oposa 200, akawaike kachubu kodyetsera kolowera pamimba. Agogo anakana. Anati akufuna kudya ndi pakamwa pawo mpaka tsiku lomaliza, akufuna mkulu wodziwa zitsamba wa kwawo abwere, komanso awalole kufukiza masamba a mwambo m'mawa. Mnzanga wina wa pantchito analemba m'buku kuti wodwalayu ndi wovuta, akukana chithandizo. Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa mawu olembedwa m'faelo amamutsatira munthu kulikonse kumene apite.

Dziwani lamulo musanalembe zoterezo. Ku Ontario, lamulo la Health Care Consent Act la mu 1996 limati munthu amene akumvetsa matenda ake ndi zotsatira za chisankho chake ali ndi ufulu wokana chithandizo chilichonse, ngakhale kukanako kufupikitse moyo wake. Kulankhula molemera sikutanthauza kuti mutu sukugwira. Lamulo loona za ntchito zachipatala la mu 1991 silimanga asing'anga ndi azamba a eni nthaka pothandiza anthu awo. Lamulo loletsa kusuta m'nyumba zaboma nalonso limapatula fodya wa mwambo, ndipo chipatala kapena nyumba ya okalamba iyenera kupereka malo ake wodwala akapempha. Mwa mfundo 94 zimene Truth and Reconciliation Commission, komiti yofufuza nkhanza zimene ana a eni nthaka anachitiridwa m'sukulu zogonera, inapereka mu 2015, ya nambala 22 imapempha achipatala kuti alemekeze machiritso a eni nthaka ndi kugwira ntchito limodzi ndi akulu awo wodwala akafuna. Ku Sioux Lookout, chipatala cha Meno Ya Win chili ndi gawo la machiritso a makolo ndipo chimaphikira odwala zakudya za kwawo. Choncho zimene agogo ankapempha sizinali zachilendo, ndiponso sikunali kuwachitira chifundo kuwapatsa.

Dziwaninso chifukwa chake kukayikira chipatala kuli kozama chonchi. Ku Kenora komweko kunali sukulu ziwiri zogonera, Cecilia Jeffrey ndi St. Mary's, zimene ana a eni nthaka ankatengedwerako mokakamiza. Pakati pa 1948 ndi 1952 akatswiri a boma anachitirako kafukufuku wa zakudya pa ana anjala, makolo osauzidwa. Mu 2008 Brian Sinclair anafera pa njinga ya olumala m'chipinda chodikirira pachipatala china ku Winnipeg, atakhala maola 34 osathandizidwa. Mu 2020 Joyce Echaquan anajambula pa Facebook ogwira ntchito akumunyoza m'chipatala ku Quebec, n'kumwalira tsiku lomwelo. Munthu wokula ndi nkhani zimenezi ukamuuza kuti "tikutumizani kutali kuti mukathandizidwe", amamva zina zimene iwe sunanene.

Tinakhala pansi tonse: agogo, mdzukulu, dokotala, katswiri woona za kumeza, ndi ine. Dokotala anafotokoza mosabisa kuti popanda kachubu chibayo chikhoza kubwerera, ndipo chikhoza kuwatenga. Agogo anamvetsera mpaka kumapeto, n'kubwereza okha zimene anauzidwazo, kenako anati chisankho chawo sichinasinthe. Koma kukana chinthu chimodzi si kukana zonse. Anavomera zakudya zofewa ndi zakumwa zolimbitsidwa pang'ono kuti zisathamangire kukhosi. Anavomera kudya atakhala tsonga, ndi sipuni yaing'ono, n'kukhalabe choncho kwa kanthawi akatha kudya. Mankhwala a shuga anapitiriza. Mafizo anawakonda kwambiri. Ine ndinkayesa madzi osamba ndi chigongono changa ndisanawalowetse, ndinkayang'ana mapazi tsiku ndi tsiku ngati pali bala limene sakulimva, ndinachotsa timakapeti toterera, ndipo ndinazolowera kuwadzera kutsogolo n'kuyamba ndawatchula ndisanawakhudze.

Mkulu wa zitsamba uja anabwera. Ndinamupatsa ulemu wake, ndipo ndinapempha chinthu chimodzi: atiuze zimene zili mu tiyi wake kuti wa ku famase aone ngati sizikulimbana ndi mankhwala a shuga ndi a mtima. Sanakwiye. Anatchula, tinalemba, wa ku famase anaona, n'kutilangiza kuti tiziyeza shuga pafupipafupi masiku oyamba. Mkuluyo sananene kuti achotsa mercury m'thupi. Anabwera kudzapemphera nawo m'chinenero chawo, kudzawachepetsera ululu ndi mantha, ndipo masiku amene wabwera agogo ankagona bwino ndi kudya bwino. Zimenezo ndinaziona ndi maso anga ndipo ndinazilemba m'buku monga ndimalembera china chilichonse.

Amene ndinalimbana nawo ndi ena. Mdzukulu anapeza pa intaneti mabotolo odula amene ogulitsa ake ankalonjeza kuti amatsuka zitsulo zonse m'thupi. Anali wokonzeka kuwonongerapo malipiro ake. Ndinamuuza zoona: kulibe mankhwala, achizungu kapena achikuda, obwezeretsa mitsempha imene methylmercury anawononga. Mankhwala okoka zitsulo m'magazi alipodi, koma amaperekedwa ndi dokotala kwa munthu amene poizoni akadali wambiri m'thupi, ndipo akhoza kuvulaza impso. Kwa agogo akanangowonjezera mavuto. Analira, koma sanagule. Ogulitsa oterewa amadyera pa anthu amene chipatala chinawakhumudwitsa, ndipo ndimadana nawo kwambiri kuposa mnzanga uja wolemba mawu oipa m'faelo.

Pali nkhani ina imene mudzaimva mukafika ku Ontario, ndipo siyophweka. Mu Novembala 2014 woweruza Gethin Edward ku Brantford anagamula kuti mayi wina wa mtundu wa Haudenosaunee anali ndi ufulu wosankhira mwana wake wa zaka 11, wodwala khansa ya m'magazi, mankhwala a makolo m'malo mwa chemo, mankhwala a khansa a kuchipatala. Madokotala ankati ndi chemo mwayi wochira unali woposa 90 pa 100. Mtsikana wina wa msinkhu womwewo, amene nayenso anasiya chemo, anamwalira mu Januwale 2015. Mu Epulo chaka chomwecho woweruza uja anawonjezera pa chigamulo chake kuti ubwino wa mwana ndiwo uyenera kutsogola, ndipo pa nthawiyo mwana woyamba uja anali atabwerera pa chemo akulandiranso mankhwala a kwawo. Maganizo anga ndi awa: agogo okalamba osankha momwe akhalire masiku awo otsala ndi nkhani ina, mwana wodwala matenda ochizika ndi nkhani inanso. Mwana wotere ndingamumenyere nkhondo kuti alandire chemo. Koma nkhondoyo imapambanidwa polola mayi ake kubweretsa mkulu wawo, nyimbo zawo ndi utsi wawo m'chipindamo kuyambira tsiku loyamba, osati kudikira mpaka banja litathawa kenako n'kuthamangira kukhoti.

Chimene ndinachedwa kuchiona n'chakuti ngakhale mpata wosankha umene agogo anali nawo unachita kumenyedwera. Tsiku lina mdzukulu anandiyendetsa kwawo n'kundionetsa malo a ku Slant Lake, pomwe pa 2 Disembala 2002 achinyamata ndi amayi a m'mudzimo anaima pamsewu kutsekera mathiraki onyamula mitengo. Kudula nkhalango yonse nthawi imodzi kumakokolola mercury wa m'nthaka n'kumuthira m'madzi omwe aja. Anthu amasonkhanabe pamalopo mpaka lero. Mu 2008 kampani ya AbitibiBowater inasiya kudula m'nkhalango imeneyo. Sikuti ankangopambana: mu 2014 khoti lalikulu la Canada linagamula mokomera Ontario pa za mphamvu yopereka ziphaso zodulira mitengo m'dera la pangano la Treaty 3 la mu 1873. Chaka chomwecho Steve Fobister, amene anakhalapo mfumu yawo, ananyanyala chakudya kunja kwa nyumba ya malamulo ku Toronto ali wodwala kale, kufuna malo osamalira odwala mercury kwawo komweko. Anamwalira mu Okutobala 2018 asanawaone.

Kuyambira 2010 anthu a ku Grassy Narrows akhala akuguba m'misewu ya Toronto pa zionetsero zotchedwa River Run, ndipo amayi monga Judy Da Silva sanatope kulankhula. Munthu wina amene anagwirapo ntchito pafakitale paja ataulula kuti mu 1972 anakwirira nawo migolo ya zinyalala za mercury kuseri kwake, atolankhani a Toronto Star anakakumba n'kupeza dothi loipa. Mu 2017 Ontario inalonjeza madola 85 miliyoni okonzera mtsinje. Mu Malichi 2019 munthu wina atafunsa za Grassy Narrows pamsonkhano wotolera ndalama za chipani, nduna yaikulu ya Canada pa nthawiyo, Justin Trudeau, inamuyankha monyoza pomuthokoza chifukwa cha chopereka chake, ndipo mawa lake inapepesa. Mu 2020 boma la Canada linasaina pangano la madola 19.5 miliyoni omangira nyumba yosamalira odwala mercury, mu 2021 linawonjezera 68.9 miliyoni zoyendetsera, koma khasu loyamba linalowa pansi mu Malichi 2025. Mu Meyi 2024 akatswiri a Western University anapeza kuti madzi otayidwa ndi fakitale ya Dryden masiku ano, ngakhale alibe mercury, ali ndi mchere wotchedwa sulphate ndi zina zimene zikuchulukitsa methylmercury mumtsinje. Mwezi wotsatira mudziwo unasumira maboma a Ontario ndi Canada.

Agogo sanathe kudikira nyumba ija. Chisanu chitatha anabwerera kwawo, ana ndi zidzukulu n'kumasinthana powasamalira, ine nditawalembera ndondomeko yonse ya kadyetsedwe ndi zizindikiro za chibayo zoti akaziona athamangire kuchipatala. Anamwalirira pakati pa abale awo, monga anafunira.

Za nsomba ndinenepo pang'ono. Kuuza munthu wa ku Grassy Narrows kuti angosiya nsomba kuli ngati kuuza wa ku Nkhotakota kuti asiye chambo ndi usipa azigula zam'zitini. Zakudya za m'sitolo kumeneko n'zodula, ndipo ndi zomwezo zimene zikukolezera shuga. Malangizo amene anthu amawamvera ndi osiyanitsa: amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana apewe walleye ndi pike za mumtsinjewo, makamaka zikuluzikulu, ena asankhe nsomba zazing'ono, zosadya zinzake, ndi za m'nyanja zimene madzi a Wabigoon safikako.

Kwa inu anzanga a ntchito, chida chathu chachikulu ndi cholembera. Lembani zimene mwaona: dzanzi lili pati, linayamba liti, akugwa kangati, akuona mpaka pati, anakulira kuti, ankadya chiyani. Musalembe "wovuta". Lembani chimene wakana, chifukwa chimene wapereka, ndi chimene wavomera. Chipepeso chimaperekedwa poona zizindikiro, ndiye cholemba chanu chikhoza kumuthandiza kapena kumumana. Pakati pa 1970 ndi 1997 boma linkayeza tsitsi ndi magazi a anthu a kumeneko, ndipo zotsatira zakalezo, mudzi utavomera kuti ziunikidwenso, ndizo zinathandiza katswiri wofufuza Donna Mergler ndi anzake kusonyeza mu 2020 kuti amene anali ndi mercury wambiri ankafa kawirikawiri asanakwanitse zaka 60.

Kwa inu a kumudzi, nkhaniyi si yakutali kwenikweni. Okumba golide ku Zimbabwe ndi ku Manica ku Mozambique amagwiritsa ntchito mercury, amamuwotcha n'kumapuma utsi wake, wotsala n'kupita kumtsinje. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi linaphulika kufupi ndi Chambishi ku Zambia n'kuthira asidi m'madzi opita mu Kafue. Ku Kabwe mgodi unatsekedwa mu 1994 koma ana akupezekabe ndi mtovu m'magazi. Apa samalani: mtovu si mercury wa agogo aja. Mwana wopezeka ndi mtovu wambiri ali ndi mankhwala omuthandiza kuchipatala, ndipo kuchedwa kumamuwonongera ubongo, choncho musatenge nkhani yanga ngati chifukwa chokanira. Mtsinje ukasintha mtundu kapena nsomba zikafa, jambulani, lembani tsiku ndi malo, kauzeni amfumu ndi a zaumoyo tsiku lomwelo, ndipo pitani muli gulu. Aliyense woyezedwa apemphe pepala la zotsatira zake n'kulisunga yekha. Ngati mukukayikira mercury, pemphani kuti ayeze tsitsi osati magazi okha: limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi ndipo limasunga mbiri ya zimene munthu anadya, koma lidulidwe pafupi ndi khungu, limangidwe ndi ulusi mbali ya kumizu, ndipo pa envelopu palembedwe dzina ndi tsiku.